Sitima ya Pakhoma

Chaka chimene malire anatsekedwa chifukwa cha Korona, ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Midland, kudziko la eni kutsidya la nyanja, mbali ya odwala matenda oiwala. Masiku ena ndinkapita kusukulu ya unesi, koma nthawi zambiri ndinali komweko, masiki pakamwa, kusambitsa ndi kudyetsa anthu amene m'mawa uliwonse ankandifunsanso dzina.

Alendo ataletsedwa, mabwana anakonza chipinda china chopanda mawindo. Anamangirira mapulojekita kudenga, moti ukadina pa tabuleti makoma atatu ankasanduka nkhalango, munda wa tirigu, kapena mawindo a sitima yoyenda, ndi phokoso la njanji lomwe. Potiphunzitsa anatsindika zinthu ziwiri: wodwala asasiyidwe yekha m'menemo, ndipo asauzidwe kuti zimene akuonazo n'zenizeni.

Panali bambo ena aatali, okalamba ndithu, amene moyo wawo wonse ankakonza mainjini a sitima. Ndinkawatcha agogo, iwo n'kumaseka kuti ndawasokoneza ndi munthu wina. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala ku Melbourne, mzinda wakutali m'dziko lomwelo, ndipo sakanatha kubwera poti ngakhale malire a zigawo anali otseka. Akaimba pa vidiyo sankamuzindikira. Koma tikangodya chamasana, agogo ankaima pachitseko n'kumamenya ndi chikhatho, kufunsa kuti mwana wawo afika liti. Tikawachotsapo ankalusa. Tsiku lina anandikankha mpaka ndinakagunda kabati.

Mawa lake, atayambanso kumenya chitseko, ndinawagwira pamkono.

"Agogo, tiyeni, sitima yatsala pang'ono kunyamuka."

"Ikupita kuti?"

"Ku Melbourne. Mwana wanu akukudikirani pa siteshoni."

Anandiyang'ana, kenako anati ndiwabweretsere jekete. Anapesa tsitsi okha, chinthu chimene anali atasiya kalekale. M'chipinda muja anakhala phee, manja pamaondo, akundiuza kuti injini iyi ikulira bwino. Posakhalitsa anagona. Nditawadzutsa anali ataiwala zonse.

Ndinachita zimenezi kwa miyezi itatu. Anzanga ankandiyamikira. Nesi wamkulu atandifunsa chinsinsi changa ndinangoti amakonda sitima. Kanemayo ankatha sitima ikulowa pa siteshoni yodzaza anthu, choncho ndinkazimitsa asanafike pamenepo. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuwasiya okha, poyamba mphindi ziwiri, kenako zisanu, poti ntchito inali yambiri ndipo iwo sankasuntha.

Tsiku lina anzathu awiri sanabwere, ankadikira zotsatira za kuyezetsa. Nditangowakhazika agogo, belu linalira m'chipinda cha mayi ena amene anadziipitsira. Ndinati ndithamange ndibwere. Mayi aja anakana kuvula, ndinawanyengerera, nthawi n'kutha. Ndili m'khonde pobwerera ndinamva kuti phu!

Ndinawapeza ali pansi m'munsi mwa khoma, magazi akutsika pachipumi. Kanema anali asanathe, anthu a pa siteshoni akuyendayenda pamwamba pawo. Agogo anali atanyamuka kuti atsike, n'kukagunda khoma ndi nkhope.

"Mwana wanga anali pomwepa," anatero, akundikoka yunifolomu. "Wavala chofiira. Ndamuitana. Bwanji sanatembenuke?"

Mu lipoti ndinalemba kuti anaimirira mwadzidzidzi n'kuterereka ine ndili pakhomo. Za Melbourne sindinatchule. Ndinkaopa ntchito, ndinkaopa sukulu, ndinkaopa kubwezedwa kwathu. Kuchipatala anawasoka, dzanja n'kulikulunga pulasitala. Atabwerako sanamenyenso chitseko. Ankangokhala pampando, kuyang'ana pansi, ndipo jekete sankafuna n'kuliona komwe. Anzanga ankati agogo akhazikika tsopano. Ine ndinkangovomera.

Lamlungu lina nditaweruka kutchalitchi kwathu ku Ellenbrook, ndinafuna kuuza mayi wina wachimalawi amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri. Ndinayamba kuti, "Amayi, kodi munthu woiwala ukamunamiza, ndi bodzabe?" Anaseka nati, "Iwe, tonse timanama pang'ono, apo ayi sangasambe." Ndinalekera pomwepo, mtima uli m'malo kwa tsiku limodzi lokha.

Malire atatsegulidwa, mwana wawo anabwera. Anali mayi wa imvi kale, atanyamula chikwama cha zovala zatsopano. Ndine ndinamulowetsa. Anagwada pafupi ndi mpando, natsitsa masiki kuti amuone bwino.

"Adadi, ndine. Ndabwera."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamuzindikira, ndinaona m'maso mwawo. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Ndinabwera kwanu," anatero. "Sunandiyang'ane n'komwe."

Mayi uja anadzutsa mutu, kundiyang'ana ine. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti amasokonezeka choncho nthawi zina, asadandaule.

Anakhala sabata ziwiri, kubwera tsiku lililonse. Agogo ankalola kuti awadyetse, koma dzanja sankamupatsa. Tsiku lomaliza ndinamuperekeza kumene anaimika galimoto. Anandithokoza kwambiri, nati nesi wamkulu wamuuza kuti nthawi yonse ya mliri ine ndi amene ndinkawamvetsa bambo ake. Atatsegula chitseko cha galimoto anaima.

"Inu munkakhala nawo tsiku ndi tsiku. Mukudziwa chimene andikwiyira?"

Ndinati sindikudziwa. Anagwedeza mutu, napukuta m'maso, n'kulowa. Ndinaima pamenepo mpaka anatuluka pageti, kenako ndinabwerera mkati, poti inali nthawi yogawa tiyi.