Makapisozi a Wometa

Wometa wa pakona paja anali munthu wopatsa, moti makasitomala ake anamutcha Adokotala. M'dilowa momwe ankasungamo zipeso munalinso botolo la makapisozi. Chinzonono chikamugwira, iye ankamwa mankhwala mpaka ululu utaleka, otsalawo n'kusungira anzake. Munthu akangolowa akuyenda motang'adza, Adokotala ankamunong'oneza kukhutu, makina ometera akulira: "Achimwene, kukuwotchani pokodza eti? Imwani awiri awa, mawa mudzandithokoza."

Ndiye tsiku lina matenda aja anabwereranso kwa mwini botolo. Anamwa ofiira, osatheka. Anamwa achikasu, ayi ndithu. Pokodza ankachita kugwira khoma, akuitana mayi ake amene anamwalira kalekale. Mapeto ake anapita kuchipatala, chipewa atachikokera kumaso.

Nesi, mayi wachikulire, atamva za botolo lija anaomba m'manja n'kuseka mpaka misozi. "Bambo inu, tizilomboti simunkatipha ayi, munkatiphunzitsa nkhondo! Mankhwala osamaliza ndiye sukulu yake. Pano tizilomboto tazolowera, makapisozi anuwo tikungowabwira ngati maswiti." Anamubaya jakisoni mpaka mwendo kuuma, n'kumuuza kuti abwere ndi mkazi wake komanso onse amene ankawagawira mankhwala.

"Onse, amayi?"

"Onse!"

M'mawa mwake benchi ya kuchipatala inadzaza amuna ometedwa mofanana ndendende, aliyense akuyang'ana nsapato zake, mkazi wa Adokotala atakhala kumapeto. Nesi anasuzumira pakhomo, anayang'ana mitu ija, nati: "Kumeta kokha ndiye mumatha, Adokotala."