Akalipentala Ofunsa Dzina la Amayi

M'mawa uliwonse, popita ku ntchito yawo ya njanji ku Limbe, akalipentala okalamba achikuda ochokera ku Amereka amaima pakhomo pathu n'kufunsa kamwana kanga Emile kuti, "Amayi ako dzina lawo ndani?" Iko kamangoti, "Amayi." Kuno ku Mpingwe aliyense amanditchula kuti amake Emile, ndipo mwana satchula dzina la kholo lake. Mafunsowa akhala akundisowetsa mtendere, poti agogo anga anagwidwa ukapolo ndi mlendo wofunsafunsa chonchi.

Dzulo ndinalimba mtima. "Bambo, kodi mwanayu mukumufuniranji?"

Anavula chipewa. "Mayi, ine anandigulitsa ukapolo ndili ngati uyu, n'kundilekanitsa ndi amayi anga. Kenaka kwathu kunabuka nkhondo, akumpoto kumenyana ndi akumwera amene ankafuna kupatuka kuti asunge akapolo awo. Itatha tinamasulidwa, aliyense n'kumayenda kufunafuna abale ake. Nanga ine ndikanafunsa za ndani? Ndinkangodziwa kuti Amayi."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinawerama mwamanyazi n'kunong'ona kuti, "Ndine Felesiya."

"Musandiuze ine," anatero akumwetulira. "Muuzeni Emile, kuti mawa ndikamufunsa adzandiyankhe."