Manambala a sabata imene mwana anadwala

Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga: manambala a sabata imodzi ndinachita kupeka.

Ndili ndi satifiketi ya za mu labu, ndiye adokotala ena a ku yunivesite anandilemba ntchito ku fakitale ya tiyi. Ankafufuza kapangidwe ka mapaketi owola okha, ochokera ku zotsalira za masamba, kuti alowe m'malo mwa pulasitiki. Ine ndinkayeza chinyezi chimene timapepala tawo tamwa, n'kutumiza manambala oti kompyuta yawo iphunzirepo kasakanizidwe kabwino.

Mwana atadwala chibayo, ndinawaimbira abwana angawo kupempha masiku opuma. Anati, "Pepani mayi, koma chinyezi cha nyengo ya chiperoni ino sichidikira munthu. Manambalawo ndiwaone Lachisanu."

Ndinakhala pa benchi ya ku wodi, mwana ali pamwendo, n'kudzaza fomu yonse ndi za m'mutu. Kompyutayo inameza osatsamwa.

Lero adokotala aja ndi apulofesa. Mu lipoti lawo dzina langa mulibe, koma bodza langa lilimo. Ndikaganiza kuti wina adzakhulupirira zimenezo n'kumanga fakitale, ndimafuna kukaulula. Ndikaulula, ndani adzandilembenso ntchito? Mwanayo anachira, akuthamanga panjapa. Inu ndiuzeni, ndinachita bwino kukhala chete?