Amayi a pa Pompi Amene Sindinawafunse Dzina

Inu owerenga, kwinakwake kuli amayi amene ali ndi chipsera pamphumi chifukwa cha pakamwa panga. Sanandilakwire chilichonse. Anangondithandiza monga timathandizirana kumudzi, kungoti thandizolo anandipatsira mu Lusaka. Ndalemba izi makamaka kwa atsikana anzanga amene timalota za tauni.

Kwathu ndi ku Chinyunyu, ndipo ndili ku sekondale. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkagulitsa masuku m'mbali mwa msewu waukulu, maso ali pa mabasi opita ku Lusaka. Choncho sukulu itatsekera, mkulu wanga ba Esinati atandiitana kuti ndikawalerereko mwana wawo Taonga, ndinalemba m'buku langa kuti moyo wanga wayamba tsopano.

Ba Esinati amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi m'komboni ina, ndipo amalawirira kukagulitsa ndiwo zamasamba kumsika wa m'tauni. Nyumba za kumeneko n'zothinana moti m'tinjira tina umadutsa cham'mbali. Pamene ankati panali bwalo la mpira ndinapezapo zipinda zatsopano, zina zopanda denga koma anthu akugonamo. Anthu amalowa lero, mawa asamuka. Ndikapereka moni, ena ankandiyang'ana ngati ndikufuna kupempha kanthu.

Vuto lalikulu linali madzi. Pompi yapafupi inkauma kawirikawiri. Tsiku lina m'mawa ndinamva kuti madzi atuluka pa pompi ina kutsidya kwa ngalande. Ndinabereka Taonga, amene anali atangoyamba kukwawa, ndinatenga chigubu n'kuthamangira komweko. Mzere unali wautali, kumwamba kutada mitambo, ndipo madzi ankatuluka pang'onopang'ono. Anthu anayamba kukankhana. Chigongono cha munthu wina chinagunda Taonga pamutu, iye n'kuyamba kulira.

Pamenepo amayi ena ovala duku yofiira, amene anali atatunga kale, anandigwira paphewa.

"Bweretsa mwana nikugwirireko, azakupwetekera apa."

Kwathu pachitsime timatero tsiku lililonse. Ukafuna kusenza ndowa, mwana umapatsa mayi aliyense amene ali pafupi. Ngakhale apite naye kwawo, umakamupeza atadya phala. Komanso munthu wamkulu sitimufunsa dzina, n'kupanda ulemu. Ndinamasula Taonga, ndinawapatsa ndi manja awiri, ndinathokoza, n'kubwerera m'chipwirikiti muja.

Mvula inayamba chigubu changa chili pakati. Sindinacheuke, chifukwa ndikanachotsa dzanja wina akanachikankha. Chitadzaza ndinatembenuka. Pamene anaima amayi aja panalibe munthu.

Poyamba ndinaganiza kuti abisala mvula pakhonde la kantemba, kagolosale kakang'ono. Kunalibe. Ndinafunsa bambo wogulitsa madzi ngati akuwadziwa.

"Dzina lawo ndani?" anandifunsa.

Ndinati sindidziwa.

"Nanga akhala kuti?"

Ndinatinso sindidziwa. Bamboyo anapukusa mutu nati, "Iwe mwana, kuno anthu a maduku ofiira ni ambiri. Ine nidziwa zigubu, osati nkhope."

Chigubu ndinachisiya pomwepo. Ndinathamanga m'tinjira tija, madzi akuda a m'ngalande akufika m'akakolo. Mageti onse ankafanana. Kulikonse kumene ndamva mwana akulira ndinkagogoda, n'kupeza mwana wa eni. Palibe ankawadziwa. Ena ankati iwo eni angobwera kumene m'komboni, ena ankatseka chitseko ndisanamalize kulankhula. Ndinakumbukira nkhani zimene anthu amasimba kwathu zoti m'tauni ana amabedwa. Ndinaona m'maganizo ba Esinati akufika n'kundipeza kumsana kulibe kanthu.

Ndiye ndinakuwa kuti andibera mwana.

Inu owerenga, anthu omwewo amene ankanditsekera zitseko anatuluka ngati nyerere. Azimayi, amuna a pamowa, achinyamata ongokhala, onse anandizungulira. Aliyense ankafunsa, palibe ankamvera yankho. Nkhani inakula ndili pomwepo. Ndinamva wina akunena kuti wakubayo anabwera pa galimoto, wina akuti aka si koyamba. Mayi wina anandibwereka foni ndinaimbira ba Esinati. Sanakalipe. Anangoti akubwera, koma minibasi yawo inatsekeredwa pamzere wa magalimoto, ndipo ankaimba mobwerezabwereza kufunsa ngati mwana wapezeka.

Kenako wina anati waona mayi wa duku yofiira akulowa ndi mwana pa geti yobiriwira, kuseri kwa chigayo. Gulu lonse linathamangira kumeneko, ine kumbuyo, chifukwa njirayo sindinkaidziwa. Pamene ndimafika anali atawakokera kale amayiwo panja m'matope. Ndinamva makofi. Ndinayesa kukuwa kuti adikire tione mwana kaye, koma mawu anga anamira m'phokosomo. Mwala unachokera kumbuyo n'kuwatema pamphumi.

Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu mpaka kulowa m'chipindamo. Taonga anali mtulo pamphasa, wouma, atafunditsidwa chitenje cha amayiwo. Kukamwa kwake kunali phala. Malaya ake onyowa anali atayanikidwa pafupi ndi mbaula.

Ndinatuluka naye m'manja ndikulira, ndipo anthu ataona malayawo ndi phalalo anayamba kubwerera m'mbuyo. Amayi aja anakhala pansi atagwira pamphumi, magazi akudutsa m'zala. Anandiyang'ana popanda mkwiyo, ndipo ndi zimene zimandipweteka kwambiri.

"Mwana wanga, mvula inali kumunyowetsa. Ninauza mayi uja anali kumbuyo kwako kuti akuuze geti yobiriwira. Sanakuuze?"

Mayi wa kumbuyo kwangayo anali atatunga madzi ake n'kumapita osandiuza.

"Kwathu ku Shikabeta timachita chabe tero," anatero amayi ovulalawo. "Nabwera kuno mwezi watha."

Shikabeta ndi m'boma lathu lomwe la Rufunsa. Tonse awiri tinachita zakwathu, pamalo pamene zakwathu sizidziwika. Anthu aja anabalalika mmodzimmodzi. Woponya mwala sanadziwike, ndipo palibe anapepesa.

Ba Esinati atafika anakumbatira Taonga nthawi yaitali, kenako tinaperekeza amayiwo ku kiliniki kumene anawasoka. Dzina lawo ndinalimva koyamba pamene nesi ankaliitana. Sindililemba pano, anavutika kale mokwanira.

Ndisanabwerere kusukulu tinapita ndi mkulu wanga kukapepesa bwinobwino. Pa geti yobiriwira tinapeza banja lina likulowetsa katundu. Mwini nyumba anati amayiwo asamuka, chifukwa ana ankawakuwiza kuti wakuba ana kulikonse kumene adutsa, ndipo pa pompi azimayi ankabisa ana awo akawaona. Kumene anapita sankakudziwa, ndipo sanaone chifukwa chofunsira.

Sindikunena kuti tauni ndi yoipa. Ndikufunabe kukaphunzira unamwino ku Lusaka, ndipo ndikulimbikira. Koma anzanga, mukapita kumeneko dziwani kuti anthu ndi ochuluka kuposa amene angadziwane. Musanapereke mwana kwa munthu, funsani dzina, onani khomo lake ndi maso anu. Kumeneko kufunsa si mwano. Ndipo mantha akakugwirani, samalani ndi mawu oti wakuba. Nenani kuti mwana wasowa, pitani kupolisi. M'komboni mawu amenewo akangotuluka, mwini wake sungawabwezenso.

Taonga tsopano akuyenda. Ine ndikamagulitsa masuku pamsewu ndimafunsa aliyense wa ku Shikabeta za amayi a chipsera pamphumi. Pano dzina ndikulidziwa, koma sindinapeze woti andiuze kumene ali.