Mtanda Wafumbwa

Amene tinkawatcha a Gogoda anabadwira kuseri kwa tchalitchi chathu chakalechi, cha zipilala za njerwa zootcha ndi mazenera a magalasi amitundu. Bambo awo, kalipentala, anawaphunzitsa kumvetsera thabwa: lamoyo limayankha kuti gu, lodyeka mkati limangoti pho.

Atakula analowa ntchito ya bambo awo. Loweruka lililonse, kwa zaka makumi anayi, ankazungulira tchalitchi ndi kahamala, kugogoda zitseko, mabenchi ndi mitanda ya denga, osapempha kanthu. Ife, pakamwa pathu posatseka, tinkanong'onezana kuti akusaka chuma chimene omanga anabisa. Ena ankati n'zokhwima. A Gogodawo sankakhulupirira chilichonse chonyezimira. "Penti ndi mboni yonama," ankatero.

Tchalitchi chitakwanitsa zaka zana, anthu aganyu anapaka penti paliponse, mbee! Lamulungu lotsatira, Misa itangotha, a Gogoda anaimirira n'kunena mokweza: "Abale, mtanda wafumbwa!"

Kalanga ine, manyazi ake! Iwo ankanena mtanda wonyamula denga pamwamba pa benchi ya ana. Ife tinamva ngati akunyoza Mtanda wa Ambuye.

"Madala, mwayamba liti kuchitira mwano Mulungu?" anakalipa a tcheyamani a mpingo.

A Gogoda analongosola, koma tinati akuzemba mlandu. Makwerero amene ankakwerera kudenga tinawalanda.

Sanakangane ndi munthu. Anayamba kulawirira, n'kukhala okha pabenchi ya ana ija, korona m'manja, maso kudenga. Mwana akayandikira ankamuthamangitsa ndi ndodo. Amayi a anawo anawada, ndipo ine wolembane ndinawatchapo nkhalamba yankhanza. Mdzukulu wawo atawafunsa chifukwa, anati, "Mtandawu ukamagwa, upeze ine."

Miyezi isanu ndi iwiri inatha chomwecho. Kenako Abambo Mfumu, mtima utawavuta, anakweza mmisiri wina kudenga. Msomali unalowa mumtandamo ndi chala chokha, fumbi n'kukhuthukira pabenchi ngati ufa.

Apo n'kuti a Gogoda ali gone, chifuwa chitawafooketsa. A tcheyamani anapita kukagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu. A Gogoda anawagwira dzanja, nawayang'ana mokayikabe.

"Zakhululukidwa kale, achimwene. Koma mitanda inayo mwaigogoda?"

Anapuma mwamtendere mawa lake masana, atalandira masakramenti. Misa ya maliro awo tinachitira panja, padzuwa, chifukwa denga lonse linali litasasulidwa. Mwa mitanda inayo, itatu inapezekanso yofumbwa.