Nsalu ya Alamu M'katoni ya Sopo

Ndikaona makatuni pa TV masiku ano ndimangoti ehe, izi tinaziyamba ife ku Sharpevale, ndi katoni ya sopo. Musaseke. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe TV. Kanema ankabwera pagalimoto mwa apo ndi apo, mvula ikadula msewu ndiye basi.

Ine ndinkathandiza kusikelo ya ana, mongodzipereka. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma pakamwa pokha panali pa folomu folo. Anesi athu ankadandaula kuti akamaphunzitsa za phala la ana, azimayi amangokambirana za mpunga wawo. Ndinati, "Anesi, anthuwa musawaphunzitse. Auzeni za munthu wina. Miseche ndiye amamva."

Katoni tinapempha kwa mayi wina wachisilamu wa sitolo ya pamsewu, mayi wodziwa kuphika mandasi, ukadya limodzi unkaiwala chimene wadzera. Msuweni wanga, wolemba zikwangwani za magolosale, anaboola windo kutsogolo kwa katoniyo n'kulowetsa nsungwi ziwiri, ina uku ina uku. Mapepala a matumba a simenti tinawamata ndi phala la chinangwa mpaka kutalika ngati njira. Iye ankajambula, ine ndinkapeka nkhani ndi kuyankhulira aliyense wa m'nkhanimo. Ukapukusa nsungwi, zithunzi zinkadutsa pawindo. Kuti munthu ayende ankamujambula kanayi, mwendo kusuntha pang'ono pang'ono, iwe n'kupukusa mwachangu. Ankayenda ngati wamwa kachasu, koma ankayenda.

Masiku amenewo mawu unkayamba wawalawa usanawatulutse, ndiye tinakaonetsa kaye kwa atcheyamani a chipani a m'dera lathu. Ataonera anati, "Zonse zili bwino, koma tambala akuthamangitsidwa ndi chipandeyo mumuchotse." Tinaika bakha. Mpaka lero kulira kwa bakha ndimakutha kuposa bakha weniweni.

Nkhani yathu inali ya mayi wosasamala, wosiya mwana ndi phala lozizira iye n'kuchoka. Lachitatu lililonse gawo latsopano, ndipo ndinkalekezera poipa dala, mwana akukwawira kumoto, ine n'kutseka windo ndi nsalu. Ngakhale azimayi oti ana awo anakula ankabwera.

Magawo oyamba anali ojambula ndi makala okhaokha. Kenako msuweni anapeza utoto wachikasu wotsala pa chikwangwani china, ndiye anati mayi wa m'nkhani uja amuveke nsalu. Anakumbukira nsalu imene anaiona itapachikidwa m'sitolo muja, yachikasu ya mananazi, n'kuijambula ndendende. Nsalu yotero inabwera imodzi yokha, ndipo anagula ndi achimwene anga, kugulira akazi awo. Ine zithunzizo ndinaziona, koma mutu unali pa mawu.

Lachitatu ndapukusa nsungwi, mayi uja watulukira ndi mananazi ake. Kenako makosi onse kutembenukira kumbuyo, kumene kunakhala alamu anga, atavala nsalu yomweyo. Wina anati, "Aa, si awa?" Alamu anabereka mwana, ulendo.

Kuchitsime anayamba kuwaitana kuti "a m'katoni". Kusikelo anasiya kubwera, chonsecho mwana wawo anali atakwana kubayitsa katemera wa chikuku, ndipo chikuku chinali chitamveka kale kumidzi ya kumunsi. Anesi anandiyang'ana n'kuti, "Mwaziyamba ndinu."

Ndinapita kwawo ndi msuweni, iye akubisala kumbuyo kwanga, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

"Odi alamu!"

"Lowani akanema. Lero mwadzajambula chiyani, chimbudzi changa?"

Ndinapepesa mpaka mawondo kuwawa. Msuweni anati nsaluyo aipaka utoto wobiriwira, mananazi asanduke masamba.

Alamu anati, "Inu asuweni, mutuwo mumangosungira chipewa? Mukaifufuta anthu aziti zinali zoona, achita manyazi. Nsalu isiyeni. Mukonze munthuyo."

"Timukonze bwanji?" ndinafunsa ine.

"Inu alamu, mayi wanuyo akasiya mwana amapita kuti? Munamufunsa?"

M'magawo onsewo ndinkangomutulutsa pawindo, osaganizako kumene akupita.

"Amapita kumpunga," anatero alamu. "Kukaingitsa mbalame kuyambira m'mamawa, yekha, m'matope. Nanga bambo wa mwanayo ali kuti? Ali pa bawo. Mujambuleni ameneyo."

Ndinati, "Koma alamu, amenewo si achimwene anga?"

"Ndatchula munthu ine?"

Msuweni anafunsa kuti bamboyo amuveke chiyani. Ndinati, "Chovala choti m'boma lonse la Ntcheu mulibe wina ali nacho, wamva iwe?" Anamuveka jekete lamizeremizere ngati mbidzi, ndi nsapato imodzi.

Tinamata mapepala masiku atatu. Alamu ankabwera kudzayang'anira, n'kumakana kuti mbalamezo zachepa, onjezani. Msuweni anajambula mpheta mpaka dzanja kutupa.

Lachitatu lotsatira anafika moyambirira, atavala mananazi awo, n'kukhala kutsogolo penipeni. Anesi sanachedwe, anabaya mwana wawo katemera uja kanema asanayambe. Mwana analira, ife tinapumira m'mwamba.

Nditapukusa, azimayi anaona mayi uja ali m'matope, mbalame zili mbuu, kenako bambo wa jekete ali khale pa bawo. Eee, kunali kutukwana katoni! Wina anaponya chitsononkho. Pofika pamene mayiyo akubwerera kunyumba, ine ndinamuyankhulira mofatsa kuti, "Bambo, chonde muzindithandizako."

Alamu anaimirira, mwana akadali kufwenthera kumsana.

"Bodza! Sindinatero ine! Ndinati dzukani apo musanamere mizu!"

Sikelo yonse inagwa ndi phwete, anesi mpaka kugwira khoma. Ndinabweza nsungwi m'mbuyo, mayi uja anayenda chafutambuyo kubwerera pakhomo, ndipo ndinati, "Bwerani munene nokha, alamu." Anabwera, n'kugwada kuseri kwa katoni pambali panga.