Chikhakha cha Che Binali

A Christopher Kamtedza ankadziwa anthu ndi kayendedwe kawo. Nkhope ankaiwala, mayina ankasokoneza, koma munthu akangodutsa patsogolo pawo kamodzi, mwendo wake ankausunga m'mutu zaka khumi. Akazi awo, a Eveles, ankadandaula kuti kupita nawo kumsika wa pa Khombedza kunali kochititsa manyazi: anthu akupereka moni, iwo maso ali pansi, akuyang'ana mawondo a eni ake.

Anabadwira cha ku Chinguluwe m'chaka cha 1946, m'banja la mmisiri wa matabwa. Sukulu analekezera Fomu 2, kenako anakaphunzira ntchito ya chipatala, ndipo mu 1968 anawatumiza ku chipatala china cha mishoni kumpoto kwa Salima, kumene anakhala mpaka kupuma. Zaka zoyamba ankachita chilichonse: malungo, likodzo, zilonda, kuzula mano. Koma mtima wawo unali pa ana opuwala ndi poliyo, amene ankabwera chokwawa, mawondo atauma gwa ngati zidendene. Ankawawongola miyendo pang'onopang'ono ndi chikhakha, kusintha sabata ndi sabata, ndipo zitsulo zoyendera ankakapinditsa kwa wokonza njinga. Dzina loti a Chikhakha linachokera pamenepo. Mu 1985 anapita ku Blantyre kukaphunzira za mafupa chaka ndi theka, n'kubwerako ali omwe aja, ofatsa, opepesa ngakhale pamene wina wawaponda.

Dokotala wamkulu wa mafupa ankabwera kamodzi pa miyezi itatu, kukhala masiku awiri. Anali mzungu wamtali, wa manja abwino, amene kwawo anatha zaka zambiri akuika anthu mafupa achitsulo m'chiuno ndi m'mawondo. Manesi ankamutcha Kamvuluvulu, chifukwa ankalowa m'wodi ndi kutulukamo anthu asanamalize kumupatsa moni. Tsiku lina anawaonetsa a Kamtedza chitsulo choterocho, chonyezimira, cha mutu wobulungira ngati dzira la nkhanga. Kuno zotere kunalibe. Chinali chimodzi chokhacho, ndipo dokotalayo ankapsinjira nacho mapepala kuti asauluke ndi mphepo.

Che Binali Saidi anali msodzi wa zaka makumi asanu, mwini chilimira, ukonde waukulu wokokedwa ndi anthu ambiri. Chaka chilichonse mvula ikatha ankawoloka ndi gulu lawo kupita ku Mbenji, chilumba chimene asodzi amakakhalako miyezi yambiri akupha utaka. Mu 1987 TB inawalowa m'fupa, pamene ntchafu imalumikizana ndi chiuno. Majekeseni a miyezi yambiri anapha matendawo, koma fupa linali litadyeka kale. Akati aponde, ululu unkawafika mpaka m'mano.

Mu Januwale wa 1988 anabwera kudzaonana ndi dokotala wamkulu, mng'ono wawo Idi akukankha njinga, akazi awo a Hajara ali pambuyo ndi kamtolo pamutu. Dokotala anayang'ana chithunzi cha fupa pawindo, nayankhula mwachangu. A Kamtedza ankamasulira.

"Akuti njira zilipo ziwiri, Che Binali. Yoyamba, amange fupa la ntchafu ndi la chiuno zikhale chimodzi. Ululu utha, mwendo ulimba, mudzaima ndi kukoka ngati kale. Koma pamenepo sipadzapindanso mpaka kalekale. Yachiwiri, adule mutu wa fupa wodyekawo autaye. Padzapinda, koma mwendo udzafupika ndi kufooka. Ndodo simudzaisiya."

"Amange, achimwene," anatero Idi asanafunsidwe. "Anthu khumi ndi awiri akudya pa chilimira chija."

A Hajara, amene anakhala pansi pafupi ndi chitseko, anayankhula motsitsa. "Ife munda wa mpunga tilibe, adokotala. Munda wathu ndi mwendo umenewu."

Dokotala naye anati kwa munthu wa ntchito yamphamvu, kumanga ndiye kwabwino. Onse anatembenukira kwa mwini mwendo.

"Monga mwaonera, bwana," anatero Che Binali.

Dokotala analemba kuti adzamanga mu Epulo, n'kuitana wodwala wina.

A Kamtedza sanakhutire. Pamene ankanena zoti sipadzapindanso, anaona Che Binali akusisita ndi chala kabanga kakuda ka pamphumi pawo, kamene kamabwera chifukwa chogunda pansi poswali. Anawatsatira panja n'kuwafunsa za mapemphero.

"Palibe vuto, a Chikhakha. Ashehe anena kale kuti wodwala amaswali mmene angathere, choimirira kaya chogona. Palibe vuto." Atakwera njinga anabwerezanso, "Palibe vuto."

Nkhaniyi inawasowetsa mtendere a Kamtedza milungu ingapo. Masiku amenewo anthu anali atazolowera kuvomera: wamkulu akanena, iwe unkati inde, zodandaula ukanenere m'nyumba mwako. Komanso munthu angavomere bwanji chinthu chimene sanachionepo? Chiuno chosapinda sichimveka pochifotokoza pakamwa. Ndipo fupa likamangidwa, lamangidwa.

M'mwezi wa Malichi anatumiza uthenga kuti Che Binali abwere. Anakapempha mabandeji a chikhakha kwa asisitere osunga mankhwala.

"Chikhakha pa fupa losathyoka? Mukudziwa kuti atsala ochepa?"

"Pepani, asisitere."

"Adokotala akudziwa?"

"Pepani, asisitere," anateronso, koma manja sanabweze.

Anawamata Che Binali kuyambira pamimba mpaka pamwamba pa bondo, ntchafu ataiimika ndendende mmene dokotala akanaimangira. Anawauza kuti akakhale nacho masiku khumi kunyumba, akaone moyo umene akuuvomera. Chitauma, Che Binali anatsika pabedi, naponda, napondanso.

"Alhamdulillah! Ululu wapita!"

"Mwaona, achimwene?" anatero Idi akuseka. "Apa ndiye utaka ulira chaka chino."

A Kamtedza anawaperekeza ndi maso, akuganiza kuti mwina angowononga mabandeji pachabe.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anapalasa njinga kupita kumudzi kwa Che Binali. Anafika dzuwa lili pamutu. Pansi pa mtengo wa mango panali amuna asanu ndi mmodzi atakhala pamikeka, akusoka maukonde. Che Binali anali chiimire, atatsamira thunthu la mtengowo, manja kumbuyo.

"Mwabwera bwino, a Chikhakha!" anafuula mkulu wina wa ndevu zoyera, Che Mustafa, mnzawo wa Che Binali wa kuubwana. "Tachotsani wapolisi wanuyu. Chiimire chake pamenepa, ife nkhani zathu zonse zasanduka za mvula."

"Dzulo mlendo wina wangofika n'kumuonetsa khadi la chipani osafunsidwa," anawonjeza wina.

"Ndikanakhala wapolisi ndikanayamba ndi iwe, Mustafa, ndi mabodza akowo," anayankha Che Binali. Onse anaseka, iwonso anaseka nawo, koma anakodola a Kamtedza kuti apite kuseri kwa nyumba.

Kumeneko, pafupi ndi thandala loyanikira nsomba, anayankhula osawayang'ana kumaso.

"Ululu palibe, zimenezo sindinganame. M'boti ndinayesa, Idi anandigwira. Kuima ndimaima, kukoka ndingakoke. Koma a Chikhakha, ine sindimadziwa kuti moyo wonse wa munthu uli pansi. Lachiwiri tinali pa maliro a malume anga. Akuluakulu onse ali pansi, ine njo ngati kakowa, kuwaona pa mitu. Chakudya amandiikira pa mgolo, ndimadya ndekha, anzanga atazungulira mbale imodzi. Zakuchimbudzi sindinena. Ku Mbenji komweko sitikoka tsiku lonse. Timakhala pamiyala, timasoka, timacheza."

"Nanga kumzikiti?"

"Lachisanu ndinaima kumbuyo, pafupi ndi nsapato za anthu. Onse atagwetsa mphumi pansi, ndinatsala ndekha m'mwamba, ndikuona misana. Mulungu anandilola kale, ashehe sananame. Koma mphumi yangayi sinamve."

A Hajara anali atamva zonse ali m'khitchini. Anatuluka akupukuta manja pachitenje, nagwada patali monga mwa ulemu, koma mawu awo sanagwade.

"Mwabwera kudzawanyengerera, adokotala?"

"Iyayi, mayi. Ndabwera kudzaona chikhakha."

"Munthu anavomera kale. Nkhani inatha bwinobwino. Inu ndi amene mwawapatsa maganizo."

A Kamtedza sanakane, chifukwa zinali zoona.

"Chabwino, adule," anapitiriza a Hajara. "Adzakhale pansi bwinobwino ndi anzawo. Pansipo adzadyapo chiyani? Ana anayi aja adzadya kupinda kwa mwendo?"

A Kamtedza anabwerera nalo funso limenelo panjinga, ndipo atafika kunyumba a Eveles anawafunsa ngati akudwala.

Mu Epulo, Kamvuluvulu atafika, a Kamtedza anamuimitsa pakhomo la wodi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kumuuza zimene anachita. Dokotalayo anafiira makutu. Anafunsa kuti ndani anawalola, ndipo a Kamtedza anati palibe. Kenako dokotalayo anakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi la Che Binali. Manesi anayang'anana, chifukwa anali asanamuonepo atakhala pansi m'wodi.

Anafotokozanso zonse, pang'onopang'ono: mwendo udzafupika zala zitatu, ndodo mpaka imfa, chilimira aiwale. A Kamtedza anamasulira mawu ndi mawu osachotsapo kanthu, ngakhale ankamva maso a a Hajara kumsana kwawo.

"Ndamva," anatero Che Binali. "Dulani."

"Achimwene!" anatero Idi.

"Mwendo ndi wanga, Idi. Chilimira utenge iwe. Dulani, bwana."

Idi anatuluka osatsazika. Mawa lake m'mawa dokotala anadula, a Kamtedza atagwira mwendo. Posamba m'manja dokotalayo anangoti, "Ulendo wina muzindiuza kaye." Koma kuchokera pamenepo, pachipatala chija palibe amene anamangidwa chiuno kapena bondo asanayambe wakhala m'chikhakha masiku khumi. Ambiri ankabwerako n'kunena kuti amange ndithu, ena ankasintha maganizo.

Zimene a Hajara ankaopa zinachitikadi. Maboti anawoloka kupita ku Mbenji Che Binali ali chigonere, thumba la mchenga litamangiriridwa kuphazi kuti lizikoka mwendo. Idi anali wamphamvu koma sankadziwa kusunga anthu. Patapita zaka ziwiri gulu linabalalika, chilimira n'kugulitsidwa. Che Binali anayamba kusoka maukonde a anthu ena, a Hajara kuyanika usipa wokagulitsa. Mwana wawo wamkulu anasiya sukulu. A Kamtedza ankazimva zonsezi, ndipo mpaka pamene anapuma ntchito mu 1993 sananenepo kwa munthu kuti anachita bwino. Ankangoti munthu anasankha ataona.

Koma panali tsiku limodzi limene ankalifotokoza akafunsidwa za ntchito yawo. Linali la mu Juni, chaka chomwe cha opaleshoni, thumba la mchenga atalichotsa, Che Binali ataphunzira kuyenda ndi ndodo m'khonde la wodi. Masana a tsikulo anapempha madzi, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kenako anaitana.

"A Chikhakha, kumpoto kumene timayang'ana poswali ndi kuti m'nyumba muno?"

A Kamtedza analoza kuwindo loyang'ana kumitengo ya bulugamu. Anayala mkeka pakati pa mabedi awiri. Iwo anali mkulu wa mpingo, sankadziwa kuti Msilamu amayambira pati, choncho anangowagwira pachigongono n'kudikira. Che Binali anaima mopendekera kumbali yofupikayo, milomo ikuyenda. Anawerama. Kenako anayamba kutsika, thupi lonse litalemera pamkono wa a Kamtedza, bondo limodzi, linzake, manja. Chiuno chinapinda. Mphumi inafika pamkeka.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Odwala ena anasiya kucheza. A Kamtedza anali chogwada pambali, osadziwa ngati n'koyenera kuyang'ana, ndiye anayang'ana kukhoma.

Kudzuka ndiko kunavuta. Mwendo wofookawo unakana, ndipo a Kamtedza anakoka mkono, Che Binali n'kubuula. Anayesanso, osatheka. Pamenepo ndi pamene anaona kuti a Hajara aima pakhomo ndi mbale yovindikira, ndipo zinkaoneka kuti aimapo kanthawi. Chichitikire opaleshoni anali asanawapatsepo moni a Kamtedza.

Anaika mbale pansi, nabwera.

"Tachokani, mukuwagwira molakwika," anatero. "Munthu sadzutsidwa ndi mkono ngati mwana."

Analowetsa phewa lawo kukhwapa kwa amuna awo, nawakumbatira m'chiuno, n'kudzuka nawo limodzi.

"Asanu patsiku mapemphero amenewa?" anafunsa akupuma mwamphamvu.

"Asanu," anayankha Che Binali.

"Ndiye muphunzire kudzuka nokha msanga. Ine ndili ndi usipa woti ndiyanike."